Kapepala ka COMESA pa boda ya Mwami: ndakagwiritsa ntchito, nayi ndemanga yanga

Mwezi watha, pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali ku Kamwendo, alamu anga anayambitsa mkangano tili pakati pa nsima. Iwowa ndi mphunzitsi wopuma, wailesi siichoka pakhutu, ndipo akagwira nkhani sasiya mpaka mbale zitachotsedwa. Tsikulo anagwira ya mabungwe. Akuti kadziko kochepa ngati kathu kano kali mu UN, mu AU, mu SADC, mu COMESA, mu Commonwealth, ndiye n'chimodzimodzi mayi wa mandasi amene walowa mabanki m'khonde asanu: sabata ndi sabata akuthamanga ndi masheya, chaka chikatha alibe ndi ndowa yomwe. "Amadyerera ndi okwera ndege okha, alamu," anatero akunyambita zala. "Inu ndi ine timangomva pa nkhani za madzulo kuti apita ku msonkhano."

Pa chinkhoswe sipotsutsana ndi akuluakulu, choncho ndinangopisa m'chikwama n'kutulutsa kapepala kopindapinda, kothimbirira ndi thukuta, kamene ndinadutsira nako katundu pa boda pa ulendo wanga wa ku Chipata, ka COMESA, bungwe la malonda la mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa. Anakatembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera. Akuti zimenezo ndi za akasitomu, sizikukhudzana ndi mabungwe. Zinandiwawa, moti ndati ndilembe pano, mwina amayi anzanga a geni angatolepo kanthu.

Ine ndili ndi kaokala ku Area 25 ku Lilongwe. Kawiri pamwezi ndimakwera ya ku Mchinji, kuwoloka pa Mwami, kukapikula ku Chipata. Popita ndimanyamula mtedza ndi nyemba, nthawi zina usipa. Pobwera ndimatenga sopo, maswiti, mabisiketi ndi tina n'tina topangidwa ku Zambia. Ntchitoyi ndinaiyamba mu 2016, ndipo zaka ziwiri zoyambirira pa geti ya boda sindinkapondapo ndi katundu. Ndinkadzera zalewa.

Amene sanayendepo zalewa asamatiweruze msanga. Umatsika galimoto boda isanafike, anyamata a kabaza n'kukumangirira makatoni, ndiye mumalowa m'tinjira ta m'minda kuli chisisira. Umalipira wa njinga, umalipira mnyamata wotsogola kukaona ngati njira ili yoyera, ndipo mukakumana ndi aliyense wovala chooneka ngati yunifolomu umapisanso m'thumba osafunsa kuti iyeyo ndi ndani. Ena safuna ndalama zokha, amayi mukundimva. Tsiku lina mu Januwale, chimanga chitatalika kuposa munthu, mvula inatipeza pakati pa njira. Njinga ziwiri zinali patsogolo, ine pambuyo wapansi, patapata ali m'manja chifukwa cha matope. Nditatulukira pamsewu ndinapeza njinga imodzi yokha. Inayo inapita ndi makatoni awiri a sopo, mpaka lero. Ukakadandaule kuti? Ukanena kuti akubera, funso loyamba ndi lakuti unkatani m'munda mwa eni usiku.

Nditatopa ndi zimenezo ndinayesa kudzera pa geti, n'kugwa m'manja mwa dobadoba wina wa tayi amene anati andithandiza mapepala. Anandidya ndalama yokwana phindu la ulendo wonse. Amene ananditsegula maso ndi mayi wina wa ku Katete, tinakhala mpando umodzi mu takisi. Ataona ndikuwerenga timasenti totsala, anandigwira dzanja nati, "Amai, simuziba desiki ya COMESA? Tiyeni nikupelekeni."

Pa Chingerezi ndondomekoyi amaitcha Simplified Trade Regime, ife timangoti STR kapena "ya COMESA". Kuti muimvetse, yambani ndi tsiku la 31 Okutobala 2000, pamene mayiko 9 a mu COMESA, Malawi ndi Zambia ali momwemo, anagwirizana kuti katundu wopangidwa kapena wolimidwa m'dziko limodzi azilowa m'dziko linzake popanda msonkho wa kasitomu. Zabwino zedi, koma kwa zaka khumi phwandolo linali la eni mathiraki. Kuti msonkhowo akuchotsere pankafunika satifiketi yotsimikiza kumene katundu wachokera, yotengedwa kumaofesi a m'tauni, kuwonjezanso ejenti wokulembera mafomu. Mayi wa makatoni khumi angakwanitse? Ndiye ife osauka tinkalipira msonkho umene olemera anakhululukiridwa, kapena kuthawira kumunda. STR inabwera mu 2010, pakati pa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, kudzatseka dzenje limeneli. Satifiketi ija anaifupikitsa n'kuibweretsa pa boda pomwepo, fomu ya kasitomu anaipeputsa, ejenti sakufunikanso. Malamulo ake ndi awiri basi. Katundu wako akhale pa mndandanda umene mayiko awiriwo anagwirizana, ndipo mtengo wake usapitirire malire amene anaika. Malirewo anayambira pa $500, anakwera kufika $1,000, kenako $2,000. Muzifunsa pa desiki musanapikule, chifukwa chiwerengerochi chimasunthidwa.

Mmene zimayendera ndi motere. Ukafika umadinditsa pasipoti kapena boda pasi, kenako umapita pa desikipo ndi malisiti ako. Tsiku langa loyamba ndinapezapo mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anandifunsa kuti, "Mwanyamula chiyani, mayi?" Ine mtima uli phaphapha, ndinayamba kuchepetsa makatoni monga tinazolowera. Anaseka. "Nenani onse, mayi. Mukabisa ndiye muvutika, pano sitilanda." Anatsegula mndandanda, n'kumayendetsa chala mzere ndi mzere, uku akundifunsa kuti ichi chapangidwa kuti, ichi mwagula zingati. Anatembenuza paketi imodzi kundionetsa pamene palembedwa dziko lopangira, nati ndizipenya pamenepo ndisanapereke ndalama kwa mwini sitolo. Anandithandiza kulemba fomu, wa kasitomu anadzawerenga makatoni, ndinakalipira zofunika, anandipatsa lisiti ya boma ya chidindo. Ndinatuluka pa geti masana dzuwa likuswa mtengo, katundu ali pamutu pa anyamata, osayang'ana kumbuyo. Kumene kuja ndinkanjenjemera ndikaona rodibuloko, ulendo umenewo ndinatulutsa pepala langa ndisanafunsidwe n'komwe.

Chimene ndimaikondera kwambiri ndi chakuti ndimadziwa zimene ndilipire ndisananyamuke pakhomo. Geni yaing'ono imaphedwa ndi ndalama zodzidzimutsa. Ku zalewa lero ulipira pang'ono, mawa upereka theka la mpamba, mkuja utaya zonse. Ndi STR ndimakhala pansi usiku ndi kope langa, kuwerengera thiransipoti, malo ogona, zolipira pa boda, n'kudziwa kuti sopo mmodzi ndimugulitsa zingati. Malisiti aja ndimasunga m'chitini cha mabisiketi, ndipo anandithandiza pamene ndinkafuna ngongole, chifukwa ndinali ndi umboni wakuti ndimachitadi malonda.

Kuyambira Disembala 2022 zinthu zinapepukanso pamene a Chakwera ndi a Hichilema anatsegula boda yatsopano yoima kamodzi, yomangidwa ndi ndalama za African Development Bank. Kale unkaima mbali ya Malawi, kutsitsa katundu, kukweza, kuyenda pang'ono, kutsitsanso mbali ya Zambia. Pano ukamapita umaima ku nyumba ya mbali ya Zambia yokha, ukamabwera ku ya mbali ya Malawi yokha, ndipo maofesala a mayiko onse awiri umawapeza m'nyumba imodzimodziyo. Pali denga, pali pokhala, pali zimbudzi. Amene sanaimepo pamzere ndi mwana kumsana mvula ikugwa aziona ngati n'zazing'ono.

Tsopano zolakwika zake, chifukwa zilipo ndithu.

Choyamba, dzina limanamiza. Anthu akamva kuti palibe msonkho amaganiza kuti ungodutsa ukugwedeza manja. Ayi. Umene amachotsa ndi wa kasitomu wokha. VAT ilipo, ndipo katundu wina ali ndi msonkho wina wapadera pamwamba pake. Ndaonapo amayi akulira pa kauntala chifukwa anapikulira ndalama zonse, osasiyako yolipirira zimenezi.

Chachiwiri ndi mndandanda uja. Ndi waufupi, ndipo umasintha mochedwa kuposa msika. Komanso umafuna katundu wochokeradi m'mayiko athuwa, pamene zambiri zimene makasitomala amafuna zimachokera kutali. Apa ndinapsa ndekha, sindinamizira munthu. Ndinapeza zitenje zokongola ku Down Shops ku Chipata, ndinatenga mapisi makumi atatu, mumtima ndikuti zagulidwa ku Zambia ndiye ndi za ku Zambia. Pa desiki anangoyang'ana m'mphepete mwa nsalu n'kupukusa mutu. Zinali zochokera kunja kwa Africa. Ndinalipira msonkho wonse, phindu linathera pomwepo, zitenje zina ndinangogawira abale pa Khirisimasi. Kugula chinthu ku Chipata sikuchisandutsa cha ku Zambia. Zimenezi zimandipatsa maganizo: mgwirizano ulipo, khomo ndi lotsegula, koma tikupanga chiyani choti tidutse nacho pakhomopo? Anzathu ali ndi mafakitale a sopo ndi maswiti ku Lusaka. Ine popita ndimanyamula mtedza wosakazinga n'komwe.

Chachitatu, ndipo ichi chimatibwezera ambiri ku zalewa, ndi zilolezo za zokolola. STR imakupeputsira za kasitomu, koma mtedza ndi nyemba zimafunanso pepala la a zaulimi lotsimikiza kuti mulibe tizilombo ndi matenda, ndipo mbewu zina zimafuna chilolezo chotulutsira kunja. Wa matumba anayi amafunsidwa mapepala ofanana ndi wa thiraki. Ukawerengera masiku ndi ndalama zoyendera mapepalawo, matumba anayi aja atha. Ife tinapeza nzeru yosonkhana anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, katundu n'kumuyendera pamodzi, koma mayi woyamba kumene sadziwa zimenezi.

Chachinayi si vuto la kapepalaka, koma la anansi. Katundu wa ku Tanzania kapena wa ku Mozambique kapepala ka COMESA sikamudziwa, chifukwa mayiko awiriwa anatulukamo: Mozambique mu 1997, Tanzania mu 2000. Tangoganizani. Dziko lathu lazunguliridwa ndi mayiko atatu, ndipo awiri mwa iwo, omwenso ali ndi madoko amene timadalira, sali m'bungwe limeneli. N'chifukwa chake timafunanso SADC, kumene timakumana nawo onse. Alamu akamati mabanki m'khonde achuluka, yankho lake lagona pa mapu. Amene uli naye ngongole ya mchere ali gulu lina, amene amakubwereka mtondo ali gulu linanso.

Koma alamu sanganame zonse, ndipo ndiwavomereze pamene akunena zoona. Mapepala a mabungwewa amalimba pokhapokha maboma akafuna. Mu Malichi 2025 boma lathu linaletsa kulowetsa katundu wambiri wakunja: ufa, mpunga, anyezi, mbatatesi, uchi, chiponde, machesi, ngakhale zotokosera m'mano. Cholinga chinali kuteteza alimi ndi kusunga ndalama zakunja, ndipo sindikunena kuti chinali chopanda nzeru. Koma anzathu a ku Tanzania sanasekerere. Mu Epulo nduna yawo ya zaulimi, a Hussein Bashe, analetsa zokolola za ku Malawi kulowa kwawo, n'kuopseza za feteleza ndi za katundu wathu wodutsa m'dziko mwawo. Nthochi ndi tomato zinaolera pa boda ya Songwe, ndipo amene analira ndi amayi ngati ine, a mbali zonse ziwiri. Mayiko onsewa ali mu SADC, yomwe ili ndi mgwirizano wa malonda opanda msonkho kuyambira 2008. Mgwirizanowo sunaletse mkanganowo kuyamba. Alamu akanakhala pano akanawomba m'manja.

Ine ndimaionera kwina. Chiletso cha Tanzania sichinathe ndi sabata yomwe, ndipo kumayambiriro kwa Meyi nduna za mbali ziwiri zinakhala pansi ku Dodoma n'kugwirizana. Masiku ochepa aja anationetsa mmene dziko lopanda doko limakhalira mnzako akatseka chitseko. Mafuta athu ndi feteleza wathu zimadzera ku Dar es Salaam, ku Beira ndi ku Nacala. Wamkulu akakukwiyira, iwe wamng'ono ulibe chomuopsezera. Chimene uli nacho ndi pepala limene nonse munasaina, loti ungamuonetse pamaso pa anzake n'kumufunsa kuti, kodi si dzanja lanu ili? Ndi zomwe ndimachita ine pa rodibuloko. Mphamvu ndilibe, wachibale wa udindo ndilibe, koma ndili ndi lisiti ya chidindo. Wolemera amatha kudutsa popanda pepala. Pepala amalifuna ndi wochepa mphamvu.

Pali zinanso zimene alamu amatchula zomwe sindingazitsutse. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, masiku ochepa IMF isanavomereze ngongole ya dziko lino. Ndinagona ndi mpamba wa makatoni khumi ndi awiri, ndinadzuka ndi wa makatoni asanu ndi awiri, osintha ndalama pa boda akungoseka. Mu Januwale 2025 asilikali athu anafera ku DRC ali pa ntchito ya SADC, ndipo kwa mayi amene analandira bokosi, nkhani ya sopo wanga ndi yachabechabe. Mkangano wa nyanja ndi Tanzania unapita kwa atsogoleri opuma a m'chigawo chino, motsogozedwa ndi a Joaquim Chissano, ndipo unangozizira osatha. Choncho sindikunena kuti bungwe lililonse ndi labwino, kapena kuti chilichonse chimene atiuza tizingoti inde bwana. Kulowa gulu kuli ndi mtengo wake, ndipo nthawi zina mtengowo ndi wowawa. Ndikungokana zoti njira yake n'kutuluka.

Ndiponso COMESA imeneyi si ya alendo ayi. Pangano lake linasainidwa ku Kampala mu 1993, koma linakhazikitsidwa ku Lilongwe konkuno mu Disembala 1994. A Bingu wa Mutharika anali mlembi wamkulu wa bungweli asanakhale pulezidenti. Likulu lili ku Lusaka, koma nthambi yake yoona za mpikisano pa malonda ili ku City Centre ku Lilongwe, pamene ambirife timadutsa pa minibasi osadziwa. SADC nayo tinali nawo poiyambitsa ku Lusaka mu 1980, ikutchedwa SADCC, nthawi ya Kamuzu, amene ankadziwika ndi kuyenda njira yakeyake mpaka kugwirana chanza ndi boma la azungu la ku South Africa. Ngati nkhalamba ija inaona kuti payokha siitha, ife ndiye ndani?

Chinanso chimene anthu a m'tauni amaiwala n'chakuti mzere wa pa Mwami unadula pakati pa mudzi. Mu Ogasiti timapita ku Mkaika ku Katete ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, Achewa a ku Malawi, a ku Zambia ndi a ku Mozambique pabwalo limodzi. Mu Febuluwale Angoni a ku Mchinji amakavina nawo Nc'wala ku Mtenguleni kwa Mpezeni. Mayi wa ku Katete uja ndi Naphiri ngati ine, ndipo pano timaitanana achemwali. Agogo athu ankasinthana mtedza ndi mchere m'njira zomwezi kulibe pasipoti. Kwa ine STR yangotibwezera kachidutswa ka zimene tinali nazo kale, kokha kuti pano pali fomu.

Ndikati ndipereke mamakisi ngati mmene alamu ankachitira ku sukulu, ndipereka 7 pa 10. Atatu ndachotsa chifukwa cha mndandanda waufupi, zilolezo za zokolola, ndiponso chifukwa chakuti ndondomeko yabwino chonchi ambiri amaimvera mu takisi kwa munthu wachifundo. Pa wailesi timamva za misonkhano ya atsogoleri, koma za desikiyi ndi kamodzikamodzi. Pali amayi ku Mkanda ndi ku Kapiri amene mpaka lero akugwa m'matope usiku ndi katundu amene akanadutsa pa geti masana.

Kwa amene mukufuna kuyesa: pitani kaye pa desiki musanagule kanthu, muone mndandanda, muujambule pa foni. Popikula muzitembenuza paketi kuona kumene yapangidwa. Muzipempha lisiti pa sitolo iliyonse, ngakhale mwini sitolo akwinye nkhope, chifukwa popanda lisiti mtengo akuikirani ndi ena. Siyaniko ndalama ya VAT pambali, muimange pa kansalu kena. Munthu akakuyandikirani panja n'kunena kuti akuthandizani mapepala, muuzeni kuti zikomo achimwene, ndikudziwa kolowera. Ndipo fikani m'mawa, mabasi a ku Lusaka asanakhuthule anthu.

Alamu anandiimbira Lachiwiri lapitali. Za mabungwe sanazitchule. Amafunsa ngati ndikupita ku Chipata sabata ino, akuti ndiwatengereko sopo wochapira uja wa phala, katoni imodzi, chifukwa kwawoko wakwera mtengo. Ndawauza kuti ndiwatengera, koma VAT alipira okha.